Msampha Sufunsa Dzina: Mbiri ya Ntchito Yoletsa Zida Zopha Zokha

Pa 17 Seputembala 2015, mumzinda wa Maputo, nduna yoona za ubale wa Mozambique ndi mayiko ena, a Oldemiro Balói, inalengeza kuti malo onse amene ankadziwika kuti muli mabomba okwirira pansi m'dzikomo tsopano ayeretsedwa. Nkhondo yapachiweniweni inali itatha kalekale, pa 4 Okutobala 1992, tsiku limene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere ku Rome. Asilikali anatula pansi mfuti, othawa nkhondo anabwerera m'mabwinja mwawo, makanda obadwa chaka chimenecho anakula mpaka kubereka awoawo ana. Koma mabomba a m'nthaka sanamve kuti nkhondo yatha. Kwa zaka zina 23 anangoti zii m'minda, m'njira za kumadzi ndi m'tsinde mwa milatho, kudikira phazi la aliyense. Mbiri imeneyi tiyenera kuikumbukira lero, pamene mayiko akukangana za zida zatsopano zotha kudzisankhira zokha munthu woti ziphe. Ambiri amaiona nkhani ya zidazi ngati yachilendo, yobwera ndi makompyuta, koma ine ndikuti ndi nkhani yakale yomwe ija, yangosintha malaya. Bomba lokwirira ndilo kholo la zida zopha zokha, ndipo mbiri ya kuletsedwa kwake ikunena mosapsatira kuti chida chotere chikachedwa kuletsedwa, olipira ndi anthu wamba, ndi miyendo yawo. Ikunenanso kuti lamulo loletsa silibwera anthu akangokhala n'kumadikira mayiko amphamvu.

Tiyambe taliyang'ana bombalo pafupi. Limodzi mwa mabomba amene anakwiriridwa kwambiri mu Africa muno ndi la mtundu wa PMN, lopangidwa ku Soviet Union. N'lozungulira, lalikulu ngati kambale ka ndiwo, pamwamba lili ndi chivundikiro cha labala, ndipo m'kati muli wonga wolemera pafupifupi magalamu 240. Msilikali amakumba kadzenje, n'kuliikamo, n'kusolola kapini kotetezera, n'kufotsera dothi ndi masamba, basi n'kumapita. Kuyambira pamenepo iye alibenso mbali. Woliphulitsa ndi wovulalayo, ndi kulemera kwa thupi lake lomwe. Mfuti, ngakhale ndi yoipa, imafuna diso loyang'ana ndi chala chokoka, ndipo pakati pa diso ndi chala pamakhala kamphindi kamene munthu angathe kuona kuti akubwerayo ndi mayi wosenza mtsuko, n'kutsitsa mfutiyo. Bomba lokwirira linachotsa kamphindi kameneko. Mlenje wokumba mbuna amadziwa kuti msampha sufunsa dzina, n'chifukwa chake amauyendera ndi kuchenjeza anansi. Wankhondo sayendera msampha wake. Bungwe la Red Cross limati chida chopha chokha ndi chimene, chikangoyatsidwa, chimasankha choti chiukire n'kuchiukira popanda munthu kulowererapo. Tanthauzo limeneli likulikwana bwino bomba lija. Kusiyana kwake n'kwakuti msampha wa masiku ano wamera maso ndi mapiko. Sudikiranso phazi, umalitsata.

Maganizo oti pali zida zina zosayenera ngakhale pankhondo sanayambe dzulo. Mu 1868, ku St Petersburg, mayiko angapo, ambiri a iwo a ku Ulaya, anagwirizana zosiya zipolopolo zophulika zolemera magalamu osakwana 400, ponena kuti cholinga cha nkhondo n'kufooketsa gulu la adani, osati kuzunza munthu amene wagwa kale. Mu 1899, ku The Hague, analetsanso zipolopolo za dum-dum, zimene zimaphwasuka zikalowa m'thupi. Koma mapangano oyambirirawa anali ndi chilema chachikulu, pakuti ankateteza okhawo amene asaina, ndipo anthu a m'mayiko olamulidwa ndi atsamunda sanali pamndandanda. Nthumwi ya Britain, Sir John Ardagh, inaikira kumbuyo zipolopolo za dum-dum poyera, ponena kuti chipolopolo wamba sichikwanira kuimitsa anthu amene iye ankawatcha osatukuka. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Januwale 1898, Angoni a Mpezeni anali atakumana ndi mfuti za Maxim, zolavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi, ambiri a iwo atanyamula nthungo ndi zishango. Nsingo, mwana wa mfumuyo, anagwidwa n'kuphedwa. Zofananazo zinachitika ndi mpweya wa poizoni. Utapha ndi kupundula asilikali ambirimbiri pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, mayiko anauletsa ku Geneva mu 1925, koma Italy, imene inali itavomereza panganolo, inaupopera pa Aitiyopiya kuchokera m'ndege mu 1935 ndi 1936. Mfumu ya Aitiyopiya, Haile Selassie, inakadandaula ku bungwe la League of Nations mu Juni 1936, ndipo palibe anaithandiza. Zida zatsopano zimakonda kuyesedwa pa anthu amene kulira kwawo sikumveka patali.

Mabomba okwirira anatsata njira yomweyo. Anapangidwa mochuluka m'mafakitale a mayiko otukuka, koma anakathera m'nthaka ya Angola, Mozambique, Cambodia ndi Afghanistan. Ku Mozambique, Apwitikizi anawatchera kuzungulira damu la Cahora Bassa ku Tete komanso m'malire a Tanzania pa nkhondo yomenyera ufulu ya 1964 mpaka 1974. Asilikali a Rhodesia anatchera awo m'malire a Zimbabwe ya lero, kenako a Frelimo ndi a Renamo anawonjezera ena pa nkhondo yapachiweniweni, kawirikawiri osalemba n'komwe pamene atchera. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, n'kukhala m'misasa ndi m'midzi ya ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ambiri pakati pa achibale awo olankhula chinenero chimodzi. Mtendere utafika, ulendo wobwerera unali ndi zoopsa zake. Munthu ankafika pamunda wa makolo ake, nthaka ili yachonde, mvula ikugwa, koma osalimba mtima kuponyapo khasu. Mphekesera chabe yakuti m'dambo muno muli bomba inkakwanira kutseka dambo lonse kwa zaka. Madzi osefukira a mu 2000 anawonjezera vuto, chifukwa anakokolola mabomba ena n'kuwasiya malo amene anthu ankawayesa abwino. Bomba logulidwa ndi madola ochepa chabe linkafuna madola mazanamazana kuti lichotsedwe, ndipo ngongole imeneyo inagwera dziko limene linali limodzi mwa osaukitsitsa padziko lonse.

Amene anayamba kunena kuti zakwana sanali mafumu kapena akuluakulu a asilikali, koma madokotala amene anatopa n'kudula miyendo ya ana, amisiri opanga miyendo yoikirira, ndi anthu ochotsa mabomba. Mu Okutobala 1992, mabungwe asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Handicap International, Human Rights Watch ndi Mines Advisory Group, anakhazikitsa gulu lapadziko lonse lomenyera kuti mabombawa aletsedwe, ndipo woyendetsa ntchitoyo anali mayi Jody Williams a ku America. Poyamba anayesa njira yozolowereka, ya pangano la 1980 loona za zida wamba zankhondo, limene misonkhano yake imachitikira ku Geneva. Koma kumeneko chinthu sichidutsa pokhapokha onse atavomereza, choncho dziko limodzi lokha likakana, zonse zimaima. Zokambirana zinatha mu Meyi 1996 ndi timalamulo tongochepetsa kagwiritsidwe ntchito ka mabombawo, osati kuwaletsa. Apa m'pamene panachitika chinthu chimene chinasintha mbiri. Mu Okutobala chaka chomwecho, nduna ya Canada yoona za ubale ndi mayiko ena, a Lloyd Axworthy, inauza nthumwi zimene zinasonkhana ku Ottawa kuti zidzabwerenso chaka chotsatira chisanathe kudzasaina pangano loletseratu, kaya mayiko akuluakulu alipo kaya palibe. Akazembe ambiri anaona ngati ndunayo ikulota masana. Patangotha miyezi 14, pa 3 ndi pa 4 Disembala 1997, mayiko 122 anasaina.

Mbali imene Africa inatenga pa miyezi 14 imeneyo sikambidwa mokwanira. Anthu ambiri amakumbukira chithunzi cha Diana, wa banja lachifumu la ku Britain, akuyenda m'munda wa mabomba ku Huambo, ku Angola, mu Januwale 1997, ndipo n'zoona kuti chithunzicho chinagwedeza mitima. Koma mu Febuluwale chaka chomwecho, South Africa, imene inali ndi mafakitale ake opanga mabombawa, inalengeza kuti yawaletsa, ndipo Mozambique inachitanso chimodzimodzi pa msonkhano wa omenyera nkhaniyi umene unachitikira ku Maputo. Mu Meyi, mayiko a mu Africa a m'bungwe la OAU anakumana ku Kempton Park, ku South Africa, n'kumanga mfundo yakuti Africa ikhale yopanda mabomba okwirira. Pa zokambirana zomaliza ku Oslo mu Seputembala, wapampando anali kazembe wa South Africa, a Jacob Selebi. America inapempha kuti ipatsidwe mwayi wapadera, makamaka pa malire a Korea, komanso kuti panganolo lichedwe kuyamba. Mayiko ang'onoang'ono anakana kuboola dengu limene ankaluka, ndipo America inachoka osasaina. Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa anasaina ku Ottawa, Zambia n'kutsatira patangopita masiku ochepa. Mendulo ya Nobel ya mtendere ya chaka chimenecho analandira m'malo mwa gulu lonse ndi a Tun Channareth a ku Cambodia, ali pa njinga ya olumala, miyendo yonse iwiri itadulidwa ndi bomba. Dziko la nambala 40 kuvomereza panganolo, limene linachititsa kuti liyambe kugwira ntchito pa 1 Malichi 1999, linali Burkina Faso, ndipo msonkhano woyamba wa mayiko a m'panganoli unachitikira ku Maputo mu Meyi 1999. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri ya osauka inalisenza.

Komabe chipambano chimenechi chinabwera madzi atatayika kale. Pofika 1997, mabomba mamiliyoni ambiri anali ali m'nthaka, ndipo pepala losainidwa silifukula bomba. Wochotsa mabomba amagwada m'kanjira kotambalala mita imodzi, atavala chovala cholemera pachifuwa ndi galasi lochindikala kumaso, dzuwa likuswa mtengo. Amadula udzu pang'onopang'ono, kuyendetsa makina omva chitsulo, ndipo akalira amayamba kupala dothi cham'mbali mosamala, nthawi zambiri n'kungopeza msomali kapena chitsekerero cha botolo. Ku Mozambique anafika pogwiritsa ntchito abwampini ophunzitsidwa ku Morogoro, ku Tanzania, amene amanunkhiza wonga koma ndi opepuka moti saphulitsa bomba, ndipo malipiro awo ndi nthochi. Bungwe la HALO Trust lokha linachotsa mabomba oposa 171,000 m'dzikomo pa zaka zoposa 20. Tsopano tiyerekeze zimenezi ndi nkhani ina imene sitchuka. Mu Okutobala 1995, ku Vienna, mayiko analetsa zida za kuwala kwa laser zopangidwira kuchititsa anthu khungu. Zidazo zinali zitayamba kupangidwa, koma zinali zisanafalikire pabwalo lankhondo. Lero palibe midzi yodzaza ndi akhungu a laser, palibe mabungwe opemphetsa ndalama zowasamalira, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyo sitchuka. Mmera m'poyamba. Chida choletsedwa chisanafalikire sichisiya manda oti tiziwerenga.

Ena mwa amene anaona mtengo wa kuchedwa anali pakati pa oyamba kuchenjeza za zida zatsopano. Mu 2009, akatswiri angapo, mmodzi mwa iwo a Noel Sharkey a ku yunivesite ya Sheffield, anakhazikitsa komiti yofuna kuti maloboti ankhondo aikidwe malire. Mu Novembala 2012, Human Rights Watch inatulutsa lipoti lopempha kuti zida zopha zokha ziletsedwe zisanafike, ndipo mu Epulo 2013, ku London, kunakhazikitsidwa gulu la Campaign to Stop Killer Robots, mayi Jody Williams ali m'gulu la oyambitsa. Mwezi wotsatira, katswiri wa malamulo wa ku South Africa, a Christof Heyns, amene United Nations inawapatsa ntchito yofufuza za kupha anthu popanda kuzenga mlandu, anapempha mayiko kuti ayambe aima kupanga zidazi mpaka malamulo atakhazikitsidwa. Mfundo yawo yaikulu inali ya ulemu wa munthu: kuti makina sayenera kupatsidwa mphamvu yogamula za moyo ndi imfa. Mu Julayi 2015, akatswiri masauzande a nzeru za makompyuta zimene zikutchedwa AI, pamodzi ndi anthu odziwika monga a Stephen Hawking, anasaina kalata yochenjeza za mpikisano wa zidazi. Mu 2018, ogwira ntchito ku Google oposa 3,000 anakana kuti luso lawo ligwiritsidwe ntchito pa Project Maven, ntchito ya asilikali a America yosanthula zithunzi zojambulidwa ndi ma drone, ndipo kampaniyo sinawonjezere mgwirizanowo. Chenjezo linachokera kwa osula zidawo eni ake.

Zimene zatsatira ku Geneva zikufanana kwambiri ndi za mu 1996. Mayiko anayamba kukambirana mu 2014, m'pangano lomwe lija la 1980, pansi pa lamulo lomwe lija lakuti onse avomereze. Nthumwi zolowa m'nyumba ya United Nations kumeneko zimadutsa pafupi ndi chimpando chachitali mamita 12, chothyoka mwendo umodzi, chimene chinaimikidwa mu 1997 pokumbukira ovulala ndi mabomba okwirira. Zaka zoposa khumi zadutsa, ndipo chooneka chimene chatulukamo ndi mfundo 11 zongolangiza za mu 2019, zimene sizimanga aliyense. Pamene akazembe akukambirana, mafakitale sakugona. Lipoti la akatswiri a United Nations la mu Malichi 2021 linanena kuti mu 2020, ku Libya, asilikali a Khalifa Haftar amene ankathawa anasakidwa ndi ma drone monga Kargu-2, opangidwa ku Turkey, amene anakonzedwa kuti aukire popanda kulumikizana ndi wowayendetsa. Akatswiri akutsutsanabe ngati tindegeto tinaukiradi patokha tsiku limenelo, koma taonani malo amene nkhani yoyamba yotereyi yachokera: mu Africa muno. Poona kuchedwaku, mayiko ambiri anatengera nkhaniyi ku msonkhano waukulu wa United Nations ku New York, kumene amachita kuponya voti. Pa 22 Disembala 2023, mayiko 152 anavomereza chigamulo choyamba chokhudza zidazi, anayi okha n'kukana. Chaka chotsatira ovomereza anafika 166.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Yolemera kwambiri ndi imene akatswiri monga a Ronald Arkin a ku Georgia Tech akhala akunena, yakuti makina satopa, sachita mantha, sabwezera imfa ya mnzawo ndiponso sagwirira amayi, choncho angathe kusunga malamulo a nkhondo kuposa msilikali. Aliyense wodziwa nkhanza zimene anthu anachitirana ku Mozambique kapena ku Congo sangaikane mopepuka mfundoyi. Koma taganizani mmene makinawa amagwirira ntchito. Saona munthu, amaona kutentha kwa thupi, kaimidwe, liwiro la kayendedwe, n'kuziyerekeza ndi zithunzi zimene anaphunzitsidwa nazo. Mlimi wobwerera kumunda chakumadzulo, khasu lili paphewa, ndi wachigawenga wonyamula mfuti, akhoza kuoneka chimodzimodzi kwa kamera imene ili m'mwamba. Malamulo a nkhondo amafuna zambiri kuposa kuona: amafuna kuzindikira kuti uyu wavulala, uyu akudzipereka, uyu ndi mwana wokakamizidwa kunyamula katundu, ndiponso kuyeza ngati phindu la kuukira likuposa imfa za anthu wamba. Kumeneko n'kuweruza, si masamu. Komanso makina amalakwitsa mosankha. Mu 2018, a Joy Buolamwini ndi a Timnit Gebru anapeza kuti mapulogalamu ena osiyanitsa nkhope ya mwamuna ndi ya mkazi ankalakwitsa mpaka ka 34 pa 100 pa amayi akhungu lakuda, pamene pa amuna akhungu loyera sankafika n'kamodzi komwe pa 100. Ndipo makina osagwirira amayi sakananso lamulo loipa. Msilikali angathe kukana kuombera khamu la anthu a kwawo, makina sadzakana.

Palinso funso la mwini mlandu. Kwathu kuno timati mlandu suwola, chifukwa timakhulupirira kuti imfa ya munthu ili ndi woyankhapo, amene ayenera kuima pabwalo, kuvomera, kupepesa ndi kulipa. Makina akapha ana oweta mbuzi, aime pabwalo ndani? Wolemba pulogalamu adzati sanadziwe kumene chidacho chidzatumizidwe, wogulitsa adzati anachiyesa bwinobwino, mkulu wa asilikali adzati sakanatha kulosera chimene chidzachite, ndipo ofedwa adzabwerera kumudzi chimanjamanja, monga momwe ovulala ndi mabomba okwirira sanadziwire ngakhale dzina la amene anawatchera. Mbiri ikusonyezanso kufunika kwa kamphindi kaja ka pakati pa diso ndi chala. Usiku wa pa 26 Seputembala 1983, makompyuta a Soviet Union analiza belu kuti America yaponya mizinga isanu ya nyukiliya. Msilikali amene anali pantchito, a Stanislav Petrov, anakayikira, poganiza kuti dziko loyamba nkhondo yotere silingaponye mizinga isanu yokha, ndipo anauza akuluakulu ake kuti makinawo alakwitsa. Kunalidi kuwala kwa dzuwa pamitambo. Mu 2003, ku nkhondo ya ku Iraq, mizinga ya Patriot, imene mbali yaikulu ya ntchito yake imayendetsedwa ndi kompyuta, inagwetsa ndege ya Britain ndi ina ya America yomwe, n'kupha oyendetsa atatu a mbali yawo yomwe. Pamene munthu anakayikira makina, dziko linapulumuka. Pamene anawakhulupirira, anzake anafa.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti pangano limene America, Russia ndi China sanasaine n'lopanda mano, ndipo malamulo a nkhondo amaswedwa ndithu. Iwo angaloze ku Ethiopia wa 1936, angalozenso ku 2025, pamene Estonia, Latvia, Lithuania, Poland ndi Finland analengeza zotuluka m'pangano la Ottawa poopa Russia. Zimenezi n'zopweteka, ndipo kuzibisa kungakhale kunama. Chiwerengero cha ovulala ndi mabomba okwirira, chimene chinatsika kwambiri m'zaka 15 zoyambirira za panganolo, chinakweranso chifukwa cha nkhondo za ku Syria, Yemen, Afghanistan, Myanmar ndi Ukraine. Koma tiike zonse pasikelo. Mayiko oposa 160 analowa m'panganoli. Mabomba oposa 55 miliyoni amene anali m'nkhokwe anawonongedwa, ndipo lililonse mwa iwo ndi phazi limene silidzadulidwa. Mayiko opanga mabombawa anali oposa 50, koma anatsika kufika pa khumi ndi angapo, ndipo msika wake wapoyera unatsala pang'ono kuferatu, chifukwa ngakhale osasaina anayamba kuchita manyazi kugulitsa. Mpweya wa poizoni nawo, umene Italy inaugwiritsa ntchito mosaopa, lero ndi woletsedwa ndi mayiko 193, ndipo America inamaliza kuwononga nkhokwe zake mu Julayi 2023. Lamulo loletsa kuba silinathetse akuba, koma palibe mudzi umene unalichotsa pa chifukwa chimenecho. Lamulo limapereka dzina kwa choipa, ndipo wochita chinthu chokhala ndi dzina loipa amalipira mtengo ngakhale asanagwidwe.

Ena amaopa kuti kuletsa zidazi kupha chitukuko, popeza luso lomwelo ndi limene limathandiza pa ulimi ndi pa zaumoyo, ndipo amawonjezera kuti n'kovuta kulemba malire a chimene chikuletsedwa. Ku Kasungu, boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula mu 2017 dera loyeserako ma drone onyamula mankhwala ndi kujambula malo osefukira madzi, ndipo ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata luso limeneli mu 2020. Palibe womenyera mtendere amene akufuna kuti zimenezi zitsekedwe. Pangano loletsa mpweya wa poizoni silinatseke mafakitale a feteleza, ndipo kuletsa laser yochititsa khungu sikunaletse madokotala kuchiza maso ndi laser. Choletsedwa si luso, koma ntchito imodzi imene lusolo lingapatsidwe. Malire ake nawo analembedwa kale momveka. Mu Meyi 2021, Red Cross inapereka maganizo akuti ziletsedweretu zida zimene zochita zake sizingaloseredwe, ziletsedwenso zimene zimasaka anthu, ndipo zotsalazo, monga zotchinga mizinga yobwera mwaliwiro, ziikidwe malire a malo, nthawi ndi zinthu zimene zingaombere, munthu ali pafupi kuti athe kuzizimitsa. Mu Okutobala 2023, mlembi wamkulu wa United Nations, a António Guterres, ndi mtsogoleri wa Red Cross, mayi Mirjana Spoljaric, anapempha limodzi kuti pangano lomanga mayiko limalizidwe pofika 2026. Chosowa si tanthauzo la mawu, koma kufuna.

Mfundo yomaliza ndi imene imamveka kwambiri kuno kwathu: kuti anthu amene akulimbana ndi njala, mitengo ya feteleza ndi kusowa kwa mankhwala alibe nthawi yoganizira maloboti. Mlimi wa ku Tete wa mu 1960 akanathanso kunena kuti mabomba okwirira ndi nkhani ya azungu, ndipo adzukulu ake ndi amene anadzayenda ndi ndodo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zida zopha zokha sizili ngati bomba la nyukiliya, lofuna chuma chambiri ndi miyala yosowa. Kandege kotsika mtengo, kamera ndi pulogalamu yokopedwa pa intaneti zingathe kukwana, ndipo chinthu chotsika mtengo chimafalikira ngati mfuti ya AK-47. Ma drone akupha kale anthu ku Sudan, ku Ethiopia ndi m'chigawo cha Sahel. Asilikali a Malawi, South Africa ndi Tanzania akhala akutumizidwa kum'mawa kwa Congo, ndipo ku Cabo Delgado nkhondo siinazime. Chida chimene lero chili m'manja mwa boma, mawa chimapezeka kwa zigawenga, kapena kwa wolamulira wankhanza amene asilikali ake ayamba kukana kuombera anthu. Mayiko a mu Africa azindikira zimenezi. Mu 2018 anapempha monga gulu ku Geneva kuti pakhale lamulo lomanga, ndipo mu Epulo 2024 mayiko a kumadzulo kwa Africa anakumana ku Freetown, ku Sierra Leone, n'kubwereza pempho lomwelo. Zambia nayo ili ndi mbiri pa ntchito yotereyi, pakuti inachititsa misonkhano yoletsa mabomba omwaza timabomba ku Livingstone mu 2008 ndi ku Lusaka mu 2013.

Choncho mbiri yatipatsa njira ziwiri zimene zinayendedwa kale. Ina ndi ya laser, yoletsa chida chisanafalikire, imene sinasiye wolumala. Ina ndi ya bomba lokwirira, yodikira mpaka zipatala zitadzaza, imene inatengera Mozambique zaka 23 za kugwada m'fumbi. Pakadali pano tikadali ndi mwayi wosankha, koma mwayiwo ukuchepa chaka ndi chaka. Ngati Geneva ikanikanso chifukwa cha mayiko ochepa okana, ovomerezawo achite zimene anachita mu 1997: atuluke, akalembe pangano kwina, otsalawo adzawapeza m'njira. Maboma a chigawo chathu, kudzera mu SADC ndi African Union, asangokweza dzanja pa voti, koma akhale m'gulu la otsogolera, monga anachitira ku Maputo ndi ku Kempton Park. Aphungu a nyumba zamalamulo afunse nduna zawo chimene dziko likunena ku New York. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi a malamulo, atolankhani ndi achinyamata ophunzira makompyuta ailankhule nkhaniyi m'zinenero zathu, kuti isakhale ya akazembe okha. Umunthu umene timanyadira umatanthauza kuti ngakhale mdani ndi munthu, ndipo ngati moyo wake uti uchotsedwe, pakhale munthu mnzake woona nkhope yake, wotha kuleka, ndi wodzayankha mlandu. Ife a chigawo chino tinauona msampha wosafunsa dzina uli m'nthaka, ndipo tikudziwa mtengo wake. Tisadikire kuti tiuonenso uli m'mlengalenga.